Ndowa ya Pansi pa Boti

Lachiwiri m'mawa ndowa ija inapezeka yodzaza mpaka m'milomo. Hamdan Jaffu anaiyang'ana, kenako anakweza maso kumwamba, koma kumwambako kunalibe ngakhale kamtambo kongonamizira. Unali mwezi wa Okutobala, mvula isanaganize n'komwe zobwera ku Mwanza. Dzulo lake madzulo iye mwini anakhuthula ndowayo, anaibwezera pansi pa kapayipi kotayira madzi a eyakoni yoziziritsa m'zipinda, anazimitsa makina, n'kukhoma chitseko cha boti. Eyakoni yozimitsidwa sidontha madzi. Zimenezi amazidziwa ngakhale amene wayamba ntchitoyi dzulo, ndiye Hamdan anali atatha zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu akukonza mafiriji ndi maeyakoni a mathiraki pa boda.

Boti ku Mwanza, kudera kopanda nyanja, chinali kale chinthu chodabwitsa. Linali loyera, lalitali, lokhala ndi zipinda mkati, ndipo linakhazikika pa ngolo ya thiraki m'bwalo lina losungira magalimoto, kuseri kwa mashopu. Linachokera ku Mangochi. Analigula anali mkulu wina wa ku Tete, amene ankafuna kukaliyendetsa pa madzi a kwawoko, koma mapepala otulutsira kunja anali asanalongosoke. Amene ankathamanga ndi mapepalawo anali Masauko, ejenti wa pa boda, ndipo ndi yemweyo amene anam'pezera Hamdan ntchito yodzutsa eyakoni ya botilo.

Awiriwa anakulira limodzi. Anakhala pa desiki imodzi ku pulaimale, anakwapulidwa tsiku limodzi chifukwa cha mango a eni ake. Bambo a Hamdan atamwalira, Masauko, Mkhristu wa pa Sabata lililonse, anavula nsapato n'kulowa nawo pamzere wonyamula jeneza. Pa Idi mbale yake ya pilawu inkasungidwa ngakhale atachedwa. Hamdan akanamva wina akunena Masauko, akanayamba ndewu asanafunse chimene chalakwika.

Ntchito ya botiyi Hamdan anaitenga ndi mtima wonse chifukwa inali yoyamba ya mtundu wake, ndipo dzina lake linali pamenepo. Pa boda madalaivala ankanena kuti chimene manja a Jaffu agwira sichiwonongeka. Iye analibe galimoto, analibe shopu yaikulu, koma mawu amenewo ankawasunga koposa ziwiya zake.

Anapeza msanga kuti eyakoni ya boti si ya thiraki. Ya thiraki imadziziziritsa ndi mphepo. Ya boti imamwa madzi: pampu imakoka madzi a m'nyanja kunsi kwa boti, amadutsa mu sefa, n'kukachotsa kutentha kwa kompuresa. Popanda madzi oyenda, kompuresa imatentha mpaka kupsa. Poti pabwalopo panali fumbi lokhalokha, Hamdan anaika mgolo wa madzi pansi pa ngolo, analowetsamo mapayipi awiri, wina wokoka wina wobweza, ndipo anakoka waya wa magetsi kuchokera m'nyumba yosungira katundu. Anatsuka sefa, anapukuta fani yokankha mphepo m'zipinda, anawonjezera gasi. Lolemba masana makina analira bwinobwino, ndipo Masauko anaima pambali pake akuyang'anitsitsa batani lililonse limene ankadina.

"Ndiye tikamayenda pamsewu iziyaka, eti?" anafunsa Masauko.

Hamdan anaseka. "Aise, wakhala ndi mathiraki nthawi yaitali. Ili ndi boti. Pamsewu imwa chiyani, phula?"

"Sungamangirire mgolowu pa ngolopo?"

"Kuti uziziritse ndani? Mipando?"

"Eni ake akufuna alilandire likuzizira," anatero Masauko, akuyang'ana foni yake.

Tsopano Lachiwiri ndowa inali yodzaza. Hamdan anapisa dzanja mumgolo muja, ndipo madzi ake anali ofunda. Anakwera makwerero, anatsegula ndi kiyi wake, napeza mabatani onse ali mmene anawasiyira. Koma atagwira kompuresa, inali yofunda ngati mphika umene waphulidwa posachedwa.

Mlonda wa pabwalopo anali a Kinsley, bambo wachikulire wopuma ntchito ya usilikali, amene ankasunga buku losainira aliyense wolowa pa geti. Hamdan atawafunsa, iwo anayamba ayang'ana kumbuyo asanayankhe.

"A Jaffu, m'bukumu muli dzina lanu lokha. Onani nokha. Koma usiku chinthu chija chimalira."

"Chimalira chokha?"

"Ine sindiyandikirako. A Masauko anandinong'oneza tsiku limene linafika. Akuti boti ili linamiza anthu kunyanja, n'chifukwa chake eni ake analigulitsa motchipa. Akuti mitembo ina sinapezeke. Ine ndinalembedwa ntchito yothamangitsa akuba, a Jaffu, osati zinazo."

Pofika masana mbiriyo inali itadzaza pa boda. Osintha ndalama ankati botilo limalira ngati mwana. Amayi ogulitsa nthochi ankati wina anaona nyali ikuyenda mkati mwake. Dalaivala wina wa ku Zobue analumbira kuti pansi pa ngolo pamanunkha nsomba zowola. Anthu akafuna kuopa safunsa umboni, ndipo palibe amene anafunanso kudutsa njira yachidule ya kuseri kwa mpanda.

Lachitatu m'mawa ndowa inali itasefukira, pansi pali matope. Apa Hamdan anakhala pa tayala n'kuyamba kuwerengera. Madzi amene eyakoni imadontha sachokera mumgolo ayi. Amachokera mu mpweya wa m'chipinda. Chipinda chouma, chotsekedwa, chopanda munthu, chimatulutsa madzi osadzaza kapu ziwiri. Kuti ndowa idzaze usiku umodzi, payenera kukhala chinthu chimene chikunyowetsa mpweyawo osaleka.

Anayendera payipi iliyonse ya mphepo. Imodzi inkapita kutsogolo kwenikweni kwa boti, ku kachipinda kokhala ndi chitseko chachifupi, chokhomedwa ndi loko wamkulu ndi kawaya kopota. Masauko anali atamuuza kuti m'menemo muli katundu wa eni ake amene anawerengedwa kale, ndipo wothyola kawayako akalowa m'mavuto. Lolemba Hamdan anatseka njira ya mphepo yopita kumeneko kuti makina asavutike pachabe. Tsopano inali yotsegula. Atasolola sefa ya mphepo, imene anaitsuka yekha dzana, anapezamo tsitsi lalitali, lopotanapotana, ndi kafungo ka thukuta lakale.

Anamuonetsa Masauko.

"Muli matiresi ndi majekete osambira, mwina ananyowa," anatero Masauko. "Tsitsilo ndi la azungu amene ankakwera. Iwe konza makina basi, usadzipatse sitiresi."

"Nanga akuyatsa usiku ndani? Kiyi tili nawo awiri."

"Wanga ali mu sefu ku ofesi. Kapena a Kinsley akunena zoona." Anaseka n'kumumenya paphewa. "Shehe wamkulu ngati iwe ukuopa mizukwa?"

Hamdan anakhulupirira za matiresi chifukwa ananena ndi Masauko. Akanakhala wina, akanafunsa kuti matiresi ouma ndi dzuwa la Mwanza atulutsa bwanji ndowa ya madzi.

Usiku wa Lachitatu anaganiza zodikirira yekha. Kompuresa ikanapsa ndi madzi otentha a mumgolo, palibe akanati yapsa ndi mzukwa. Akanati yapsa m'manja mwa Jaffu. Anakhala ndi a Kinsley m'kanyumba ka pa geti, nyali yozima. Mathiraki a pamzere anazimitsa mainjini limodzi limodzi mpaka kunatsala phokoso la nkhululu ndi galu wina wouwa kutsidya kwa malire. Mwezi kunalibe. Boti linkaoneka ngati chinthu chotuwa choyandama pa mdima, chifukwa ngolo yake yakuda sinkaoneka.

Itangopitirira leveni koloko anamva kachitsulo kakugogoda kamodzi. Kenako pampu inayamba kung'ung'udza, madzi n'kuyamba kugwera mumgolo. Patapita kanthawi kompuresa inadzuka ndi mawu ake okhuthala.

"Mwamva?" ananong'ona a Kinsley, atagwira mkono wa Hamdan. "Musapiteko, a Jaffu. Muli ndi ana."

Hamdan anatenga tochi, anadutsa pakati pa mathiraki awiri. Kuseri kwa mpanda udzu wouma unachita phokoso, kenako zii. Anakwera makwerero, napeza chitseko chokhoma. Anatsegula. Mkati munali mozizira, nyali yobiriwira ya eyakoni ikuyaka yokha mumdima. Anawalitsa tochi pa mipando, pa kabedi, pansi pa tebulo, ndipo munalibe munthu. Anagwada pafupi ndi sefa ya mphepo n'kutchera khutu.

Kuseri kwa kulira kwa fani kunali mawu ena. Anali otsika, obwerezabwereza, ngati a munthu wopemphera, koma m'chinenero chimene Hamdan sanachimvepo: sichinali Chiyao, sichinali Chipwitikizi, sichinali Chiarabu cha ku mzikiti. Kenako wina anatsokomola, chifuwa chouma, chotsekedwa ndi dzanja. Mawu aja anasiya nthawi yomweyo, ndipo Hamdan anamva bwinobwino kuti chinthu china chikumumvetsera iyenso.

Mmene anatsikira makwerero aja sakumbukira. Anafika kunyumba thukuta lili kamukamu, ndipo mkazi wake Khadijah atamufunsa, anangoti wadya zosayenera. Anachita manyazi kwambiri, munthu wamkulu wodziwa waya uliwonse kuthawa phokoso la mu payipi.

Manyaziwo ndi amene anam'patsa nzeru ya Lachinayi. Masauko ananyamuka m'mawa kupita ku Blantyre kukatenga pepala lomaliza, atasiya uthenga wakuti eyakoni isiyidwe ikulira usiku wonse, aone ngati ipirira. Hamdan anaiyatsa tsiku lonse, akusintha madzi a mumgolo maola awiri alionse. Koma kuisiya usiku popanda wosintha madzi kunali kuipha. Madzulo anatenga sipanala, anamasula pampu, anamasulanso fani yonse, naziika m'chikwama. Kaya ndi munthu kaya ndi mzimu, ayatse tsopano tione. Ali pa geti, atasaina m'buku, anaimbira mnzake.

"Aise, sindinaisiye ikulira. Ndachotsa pampu ndi fani, ndikupita nazo kunyumba."

Ku foni kunkamveka nyimbo ndi mabotolo kumbuyo.

"Fani yomwe?" anafunsa Masauko.

"Yomwe. Lero m'botimo simuyenda mphepo ngakhale pang'ono."

"Bwezera, Hamdan. Bwezera fani yokhayo."

"Chifukwa chiyani? Ndiuze chifukwa, ndibwerera pompano, ndili pa geti." Ndipo poti mantha a dzulo ankafuna kuwasandutsa nthabwala, anawonjezera: "Kapena muli munthu m'menemo woti amva kutentha?"

Hamdan anamva mnzake akupuma. Kenako Masauko anaseka.

"Munthu wa chiyani? Chabwino, zitenge. Tionana mawa."

Usiku umenewo Hamdan anagona tulo tabwino koyamba sabata yonseyo, chikwama chili pansi pa bedi. Mpaka lero tulo timeneto ndi timene sadzikhululukira.

Potuluka ku swala ya m'bandakucha Lachisanu, anapeza a Kinsley atakhala pa mwala kunja kwa mzikiti, opanda chipewa, nsapato imodzi yosamanga.

"Ntchito ija ndaisiya, a Jaffu," anatero. "Lero sichinalire ngati masiku onse. Chimagogoda. Kuyambira cha m'ma teni, gu, gu, gu, ngati anthu ambiri akumenya khoma ndi manja. Ndi kukuwa, koma kukuwa kwa pansi pa madzi. Ndinatseka makutu. Cha m'ma thuu kunayamba kuchepa. Ndiye ndinathawa, chifukwa kuchepako kunandiopsa kuposa phokoso."

Hamdan anathamangira ku boti, a Kinsley akumutsatira m'mbuyo.

Kunja kunali kutayamba kuyera. Ndowa ija inali youma, koma si imene anayang'ana. Kutsogolo kwa boti kunali kawindo kozungulira, kosatseguka, kakang'ono ngati mbale. Masiku onse kankaoneka kakuda chifukwa cha nsalu yotchinga mkati. Lero nsaluyo inali itang'ambidwa, galasi lachita nthunzi, madontho akutsetsereka mkati mwake. Pakati pa nthunziyo panali chidindo cha dzanja la munthu, zala zisanu zotambasuka.

Pamenepo zonse zimene ankazidziwa kale zinagwirizana: madzi a mu ndowa, tsitsi, njira ya mphepo yotsegulidwa, funso la mgolo pamsewu. Mpweya umene unkadzaza ndowa unali wotuluka m'mapapo a anthu.

"A Kinsley, thamangani kupolisi! Auzeni abwere ndi ambulansi!"

Loko uja anamuthyola ndi hamala, kumenya kasanu. Chitseko chitatseguka, mpweya wotentha ndi wonunkha unamuwomba kumaso mpaka anabwerera m'mbuyo. M'kachipinda koti anthu awiri sangagone motambasuka munali anthu asanu ndi atatu, amuna asanu ndi mmodzi ndi akazi awiri, owonda, ochokera kutali kumpoto, a ulendo wofuna kukafika ku Joni. Anali atavula malaya, milomo itang'ambika, mabotolo a madzi ali gwa. Anawakoka mmodzimmodzi kuwatulutsira pamphepo, akuwathira madzi a mumgolo. Ena anakwawa okha. Mayi wina anagwira mwendo wake n'kumalankhula mawu aja anawamva mu payipi.

Wachisanu ndi chitatu sanasunthe. Anali bambo wa imvi pang'ono, atagona chammbali pakona, nkhope ataikanikiza pa kabowo kotulukira mphepo. Hamdan atam'tembenuza, tizitsulo ta kabowoko tinali titadinda mizere pa tsaya lake. Anafa akudikira mphepo ya fani imene inali pansi pa bedi la Hamdan.

Foni inalira m'thumba. Anali Masauko.

"Aise, ndili pa Zalewa, ndikubwera. Usakwere m'botimo, wamva? Ndidikire."

"Ndatsegula, a Masauko."

Chiyambire ubwana wawo anali asanamutchulepo choncho. Masauko anamva, ndipo mawu ake anasintha.

"Ali bwanji?"

"Mmodzi wafa. Dzulo ndinakufunsani. Ndinali pa geti, fani ili m'manja mwanga. Ndinakufunsani ndi pakamwa panga ngati muli munthu."

"Ndimaganiza kuti usiku umodzi apirira. Anthu awa adutsa m'zipululu, Hamdan."

"Mawu amodzi okha. Mukanangoti eya."

"Ndikanati eya ukanapita kupolisi. Ndimakudziwa iwe, sukanakhala chete."

"Ndiye munandidziwa, n'kundisankha."

"Mvetsera. Tseka chitsekocho, tikonza. Ganiza bwino, m'buku la pa geti muli dzina lako lokha, Lolemba mpaka dzulo. Ine mulibemo. Ndipo amene anachotsa fani si ine."

Hamdan anayang'ana dzanja lake lamanja, lomwe linali ndi mafuta akuda a pampu m'zikhadabo. Sanakwiye nthawi yomweyo; mkwiyo unabwera pambuyo, ndipo sunachoke. Chimene anamva pamenepo chinali chisoni cha munthu amene wazindikira kuti mnzake wa zaka makumi atatu anamuyeza pa sikelo usiku umodzi, n'kupeza kuti ndi wotchipa.

"Apolisi ali pa geti," anatero, n'kudula foni.

Masauko sanafike ku Mwanza tsiku limenelo, kapena lina lililonse. Ena amati anamuona ku Tete, ena amati ku Joni. Hamdan anasungidwa masiku anayi akufunsidwa, mpaka womasulira atapezeka ndipo anthu asanu ndi awiri aja ananena okha amene ankawatsekera, amene ankabwera usiku kudzera kuseri kwa mpanda, ndi amene anathyola loko. Anatuluka wopanda mlandu. Madalaivala anabwereranso ndi mathiraki awo, ndipo ena ankamutcha ngwazi. Koma mawu aja akuti manja a Jaffu sawononga, wina akawayamba, iye amadzuka n'kupita kuseri kwa shopu.

Papita miyezi tsopano, ndipo mvula inabwera n'kupita. Kunyumba kwa Hamdan kuli kachipinda kosungiramo ziwiya, kopanda windo, komwe sikugona munthu. Usiku wina Khadijah anadzidzimuka n'kupeza pabedi palibe mwamuna wake. Anamupeza ataima mumdima pakhomo pa kachipindako, atalumikiza fani yakale ku magetsi, akuilozetsa mkati.

"Bambo a Sabrina, zimitsani, tiyeni mukagone," anatero mofatsa. "Mulibe munthu m'menemo."

Hamdan sanatembenuke. Anali atapendeketsa mutu, akumvetsera kuseri kwa kulira kwa fani.

"Wakuuza ndani?" anafunsa.